Dzanja la a Tupa

Anthu ankawatchula a Tupa chifukwa m'thumba la ovololo yawo simunkasowa tupa wonolera zitsulo, ndipo mkazi wawo anangosanduka Mayi Tupa popanda womufunsa ngati akufuna. Galaja yawo inali yolumikizana ndi nyumba, pakati pa shopu ya owotcherera zitsulo ndi ya omata matayala. Ntchito yawo inali yokonza makina otchetchera udzu, makamaka kunola mipeni yake. Anthu ambiri makinawo ankangowatchula kuti mowa, potengera chizungu, ndiye a Tupa ankauza mlendo aliyense kuti iwo akalambira pa mowa koma sanaledzerepo. Nthabwala imeneyi Mayi Tupa anaimva mpaka inasukuluka, komabe ankaseka kuti amuna ake asachite manyazi pamaso pa anthu.

Khoma la khitchini ndi lomwenso linali khoma la galaja, choncho ntchito ya amuna ake ankaidziwa ndi makutu. Akamva kugogoda, ankadziwa kuti akukhoma chipika choletsa mpeni kuzungulira kuti amasule bawuti. Akamva kukwecha, ndiye kuti akupala udzu wouma ndi bulashi ya waya. Kenako ankamva kunola kwenikweniko, kwapang'onopang'ono, kopita mbali imodzi, ngati kupuma kwa munthu amene wagona bwino. Gilayinda, makina onolera a magetsi, inalipo pakona, koma a Tupa ankati ndi chida cha aulesi. Ankati imadya chitsulo mwaumbombo, ndipo ikachitentha kwambiri chimauma n'kukhala chosachedwa kuthyoka.

Mwana anabereka mmodzi yekha, wamkazi, amene anakwatiwa kumzinda wina wakutali. Koma Mayi Tupa ankati ana ake ndi awiri, powerengera mlongo wake wamng'ono amene anamulera makolo awo atamwalira. Mlongoyu atakula, a Tupa anamulumikizira makina kuchokera ku zidutswa za makina akufa, injini ya uku, matayala a uko, chogwirira chowotcherera pakati. Ndi makina amenewo mlongoyo ankayenda m'makomo mwa anthu kutchetcha, mpaka anthuwo anam'patsa dzina loti Kapinga. Anakwatira, anabereka, ndipo banja lonselo linkadya za makina omwewo.

Chinthu choyamba chimene Mayi Tupa anaona chinali supuni. M'mawa wina a Tupa atamaliza kutakasa tiyi, supuni inapitiriza kugogoda kapu yokha. Anaiyika patebulo msangamsanga, dzanja n'kulibisa pansi pa ntchafu. Patapita nthawi anatuluka m'bafa atadzicheka pachibwano. Kenako anayamba kusiya batani lapakhosi losamanga, iwo amene ankanyoza anthu oyenda chifuwa pamtunda. Mkazi wawo atafunsa, anayankha kuti ndi injini: munthu ukagwira makina onjenjemera tsiku lonse, kunjenjemerako kumakutsatira mpaka m'nyumba ngati galu.

Koma khoma silinkanama. Kunola kuja kunayamba kudukizadukiza, nthawi zina kumathera m'mawu otukwana chapansipansi. Kenako kunasiyiratu, ndipo gilayinda ya aulesi ija inayamba kulira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Wosamalira bwalo la sukulu, amene anali kasitomala wawo wakalekale, anabweza makina ake akudandaula kuti akugwedezeka mpaka mikono kuchita dzanzi. A Tupa anati zitsulo za masiku ano n'zachabechabe, ndipo munthuyo anavomereza chifukwa chowalemekeza.

Mayi Tupa anawanyengerera, anawaopseza kuti auza mwana wawo, mpaka anavomera kupita kuchipatala. Dokotala anawauza kuti atambasule manja, ayende mpaka pakhomo n'kubwerera, agunde mphuno ndi chala. Kenako anatchula dzina la matendawo, n'kufotokoza mosabisa kuti sachira, mankhwala amangowachedwetsa. Atamva ntchito yawo, anati zitsulo zakuthwa ndi makina ozungulira azitalikire.

Pobwerera anakhala pamalo odikirira basi. Basi imodzi inabwera n'kupita iwo osanyamuka.

"Mayi, zimene tamvazi zithere pompano," anatero a Tupa. "Anthu akangomva, palibe adzabweretsenso ngakhale mpeni wodulira anyezi."

"Nanga mlamu wanu?"

"Makamaka ameneyo. Amandiona ngati bambo ake. Ndidzamuuza ndekha mankhwala akayamba kugwira."

Mayi Tupa anayang'ana dzanja lija likuvina pabondo, ndipo analigwira mpaka linakhala phee. Anavomera. Mumtima anadziuza kuti za m'nyumba sayanika pamsewu, kuti mwina dokotala wakokomeza, kuti mwamuna ukam'landa ntchito wam'landa mpweya. Zifukwa zinalipo zambiri, ndipo chilichonse chinkamveka chanzeru.

Mvula itayamba, udzu unakula paliponse. M'mawa wina Kapinga anatulukira akukankha makina ake, akuimba mluzu. Mayi Tupa anali pakhomo la galaja ndi beseni la zovala zoti akayanike. Kapinga anawapatsa moni, n'kumuseka mlongo wake kuti akunenepa ngati mkazi wa bwana pamene alamu akuuma ngati chogwirira cha fosholo. Kenako anafotokoza chimene chinamudzutsa m'mamawa. Kampani ina inamupatsa bwalo lalikulu la kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, limene linakhala nthawi yaitali losatchetchedwa. Anamuuza kuti akaligwira bwino adzam'patsa mabwalo awo onse. Vuto linali mpeni, umene anati wabuntha moti sungadule ngakhale nthochi yakupsa.

A Tupa anazula waya wa pulagi, n'kupendeketsa makinawo. Bawuti anasiyira Kapinga kuti amasule, ati mafupa achinyamata asamangokhala. Mpeni utatuluka, a Tupa anautembenuza uku ndi uku. Unali wakale, mchenga utaudya pamene umapindikira m'mwamba mpaka kupyapyala ngati chivundikiro cha chitini. Mayi Tupa anaonapo amuna ake akuponya mipeni yabwino kuposa umenewo pamulu wa zitsulo zotaya, mwini wake akuchonderera. Ulendo uno a Tupa anangoti mpeniwu watopa. Kapinga anati akudziwa, ungomutumikira pa ntchito iyi yokha, watsopano agula akangoimaliza.

A Tupa anaima mofulatira khomo n'kuyatsa gilayinda. Kuti dzanja lisaoneke, anakanikiza mpeniwo pamwala ndi thupi lonse. Mbaliwali zinathetheka mpaka padenga. Kapinga anali kalikiliki kupukuta injini ndi sanza, koma Mayi Tupa, pamene anaimapo, ankaona zonse. Anaona m'mphepete mwa mpeni mukusintha mtundu, mukuchita buluu ngati khosi la nkhunda. Chitini cha madzi oziziritsira chinali pomwepo, koma a Tupa sanauviike, chifukwa kuunyamula m'mwamba kukanawaulula.

Pakhoma panali msomali umene ankakolekapo mpeni uliwonse pabowo lake lapakati. Mpeni ukapendekeka, ankadziwa kuti mbali imodzi yalemera ndipo ankainolanso mpaka ukhale chopingasa. Tsikulo bowo linakana kupeza msomali. Anayesa, anaphonya, anayesanso, mpeni ukugogoda khoma. Kenako anaseka, n'kunena kuti maso ayamba kuwathawa, koma mpeni ngati uwu amaudziwa ndi m'manja momwe. Anaupereka kwa Kapinga osaugogodanso ndi sipanala kuti amve ngati uli ndi mng'alu.

Mayi Tupa anatula beseni pansi.

"Iwe Kapinga."

"Ee, achemwali?"

A Tupa anatembenuka n'kumuyang'ana mkazi wawo. Sanam'kalipire ndi maso, ayi. Anangomuyang'ana ngati munthu amene wagwidwa ali maliseche.

"Wadya koma?" anatero Mayi Tupa.

Kapinga anati wadya, ndipo mkazi wake amamudyetsa bwino kuposa mmene achemwali ankamudyetsera. Anamanga bawuti, anadzutsa makina, n'kumapita akuimba mluzu uja.

Foni inalira dzuwa litapendeka. Anali mlamu wake, mkazi wa Kapinga, ndipo anangonena dzina la wodi ya kuchipatala n'kudula.

Mpeni unathyoka makina ali mkati mothamanga. Chidutswa chinatulukira kumbuyo, chinaboola jombo ya Kapinga, chinadula mtsempha waukulu wa kuseri kwa kakolo n'kuswa fupa. Mlonda wa pamalopo ndi amene anam'manga mwendo ndi lamba n'kuimitsa galimoto. A Tupa ndi mkazi wawo anam'peza atatuluka kale kochitira opaleshoni, milomo itatuwa, mwendo uli m'mabandeji. Atangowaona anayamba kufotokoza asanafunsidwe. Anati mu udzumo munabisala chitsulo chakonkire, ndipo cholakwa ndi chake chifukwa sanayambe waliyendera bwalo lonse monga alamu anamuphunzitsira. Phuma ndi limene linam'pweteka.

Kenako anapempha madzi. A Tupa anali pafupi ndi kabati, ndipo asanaganize anatola botolo ndi kapu. Botolo linagogoda mkombero wa kapu, madzi anakhavukira pa bulangete, ena pansi. Anayesa kugwira ndi manja awiri, zinangowonjezera. Mayi Tupa analanda kapuyo n'kumumwetsa mlongo wake. Kapinga anatseka maso. Mkazi wake sanatseke.

Mkaziyo anam'peza Mayi Tupa m'kanjira ka kunja kwa wodi, pafupi ndi mabenchi.

"Alamu, dzanja lija linayamba liti?"

Mayi Tupa anati ndi mantha chabe, munthu wamkulu akaona m'bale wake ali choncho thupi limachita zake. Mlamu wakeyo anatsegula chikwama n'kutulutsa jumbo. M'jumbomo munali chidutswa cha mpeni chimene mlonda anatola, magazi atauma mbali imodzi, mbali inayo buluu uja akuonekabe.

"Ine za zitsulo sindizidziwa," anatero, "koma miyala ndi zitsulo amuna anga agunda zambiri. Mpeni umabwera kunyumba utapindika. Uwu wathyoka ngati bisiketi." Anapinda jumbo lija bwinobwino n'kulibwezera m'chikwama. "Munkadziwa?"

Mayi Tupa anayang'ana pansi, pamene wokolopa anasiya mzere wa madzi.

"Chabwino. Mwayankha," anatero mlamuyo, n'kubwerera m'wodi.

Kuyambira pamenepo a Tupa sanalowenso m'galaja. Ankadzuka, kumwa mankhwala, n'kukhala pampando wa pakhonde mpaka dzuwa kuwathamangitsa. Owotcherera zitsulo anabwera kudzawapepesa, n'kunena kuti mpeni wothamanga ukagunda chitsulo chakonkire ngakhale watsopano ukhoza kuthyoka. Omata matayala anamveka akuuza anthu ena kuti zimenezo n'zabodza. Panalibe amene akanagamula, ndipo kusadziwako ndi kumene kunkawadya a Tupa kuposa matenda. Tsiku lina anafunsa mkazi wawo ngati iye anaona mng'alu pa mpeni uja. Iye anati sanauone. Anati nawonso sanauone, koma sanaufunefune.

M'galajamo munatsala makina a anthu odikira kukonzedwa. Mayi Tupa anawayang'ana kwa masiku angapo, kenako m'mawa wina anavala ovololo ya amuna ake, anapinda miyendo yake, n'kukawaimirira kutsogolo.

"Bambo, dzanja lanu latha koma pakamwa panu panatsala. Tiyeni mukandiuze."

Anakana, anati si ntchito yoyamba munthu imvi zitamera. Iye anakalowa yekha n'kuyamba kulimbana ndi bawuti mbali yolakwika, akugogoda mwadala kuti zimveke pakhonde. Sipanatenge nthawi, a Tupa anatulukira akukoka mpando, akudandaula kuti awonongerwa sipanala.

Anamuphunzitsa ali chikhalire, manja atawapana pakati pa mawondo. Waya wa pulagi uzizulidwa munthu asanakhudze china chilichonse. Makina aziwapendeketsa mbali yoti oyilo asalowe mosefera mpweya. Mpeni aziupana zolimba pa vayisi, n'kutsatira kupendekeka kumene unabadwa nako, osaupangira kwake. Mayi Tupa akayamba kukwecha uku ndi uku, ankamufunsa ngati akupala nsomba. Ankati tupa amadya popita, pobwera amapuma. Ankatinso asaunole ngati lezala, chifukwa mpeni wakuthwa mopitirira umabenthuka pa kamwala koyamba, ndipo wobuntha sudula udzu koma umaung'amba, mawa lake bwalo lonse n'kuoneka ngati lawauka.

M'manja mwa Mayi Tupa munatuluka matuza, anaphulika, munamera zikang'a. Mapewa ankawawa moti kupesa tsitsi inali ntchito. Mipeni yoyamba inkapendekeka pamsomali ngati munthu woledzera. Koma tsiku lina anakoleka umodzi, unagwedezeka pang'ono, n'kuima chopingasa. A Tupa anadzuka, anauyang'anitsitsa, anaukankha ndi chigongono kuti aone ngati ubwerere. Unabwerera. Anaseka kwa nthawi yoyamba chichitikireni ngozi ija, n'kunena kuti akanadziwa akanakhala pansi kalekale, mkazi n'kumawadyetsa. Masana amenewo anadya bwino, ndipo Mayi Tupa anayamba kuganiza kuti mwina zinthu ziyenda.

Koma mbiri inali itawatsogolera. Mumsewu wonse munamveka kuti a Tupa anadula mwendo wa mlamu wawo, ena ankati anaudula ataledzera, ena ankati ndi khungu. Wosamalira bwalo la sukulu anabwera kudzatenga makina ake, ati akuluakulu ake alamula, ndipo nthawi yonse ankayankhula akuyang'ana matayala. Mayi Tupa anamuuza kuti mpeni waunola iye, ayese kaye. Munthuyo anathokoza kwambiri, anakweza makinawo pa galimoto, ndipo sanabwerenso. Bambo wina wachilendo anatsika galimoto ndi mpeni m'manja, anaona mzimayi pa vayisi, anaona mwamuna akunjenjemera pampando, n'kunena kuti wasochera. Nthawi yomweyo sitolo ya zipangizo ya kumsewu waukulu inayamba kugulitsa mipeni yatsopano yotchipa, yoti ikabuntha munthu amangotaya. Panali masiku oti Mayi Tupa ankatsegula galaja, kusesa, kukonza zida pabenchi, n'kutseka madzulo popanda wolowamo. Nthawi zina ankanola mipeni ya pamulu wotaya uja, yopanda mwini, kuti amuna ake amve kuti ntchito ikuchitika.

Bala la Kapinga linakana kupola. Linatukusira, anam'bwezera kuchipatala, anam'ng'ambanso. Atatuluka, phazi linauma lolozera pansi, ndipo ankalikoka poyenda ndi ndodo. Bwalo lija kampani inapatsa munthu wina. Mkazi wake anayamba kuchapa zovala m'nyumba za anthu omwe aja mwamuna wake ankawatchetchera udzu. Mayi Tupa akapita ndi chakudya, mlamu wakeyo ankamulandirira pakhomo, kunena kuti odwala agona, n'kutseka. Mawa lake bakuli linkapezeka pakhomo la galaja, chakudya chili momwemo.

Tsiku lina anasankha nthawi imene ankadziwa kuti mlamu wake ali kuntchito. Anam'peza Kapinga yekha pakhonde, mwendo atausanjika pa kireti. Anali atawonda, ndevu zitamera. Makina aja anali pakona, atavundikiridwa ndi thumba. Anam'landira bwino, anafunsa za alamu, anasekako pang'ono atamva kuti achemwali ndi amene akunola mipeni tsopano. Anapempha kuti aone m'manja mwawo, ndipo anagwedeza mutu poona zikang'azo.

"Chitsulo chija chinalipodi, achemwali," anatero. "Ndinachiona ndi maso angawa ndili chigonere pansi. Musamamvere za anthu."

Mayi Tupa anamva ngati wina wam'tula mtolo. Anafuna kuyankha, koma Kapinga anali asanamalize.

"Koma m'mawa uja munandiitana. Munkafuna kunena chiyani?"

"Ndinakufunsa ngati wadya."

"Ee. Nanenso ndimakumbukira choncho." Anakonza mwendo wake pa kireti ndi manja awiri. "Mukanangondiuza, ndikanaunola ndekha. Kunola ndimatha, alamu omwewo anandiphunzitsa. Ndikanawanoleranso ndi ya anthu ena yonse, palibe akanadziwa."

Anazinena mofatsa, ngati akufotokoza njira yachidule yopitira kumsika. Mayi Tupa anadikira kuti mwina akalipa, kuti nayenso apeze polira ndi popepesa, koma Kapinga anayamba kukamba za mvula, kuti chaka chino yachuluka. Posanzikana anam'pempha kuti asamabwere mkazi wake kulibe, chifukwa akamva zimavuta, ndipo iye alibenso mphamvu zokangana ndi munthu amene akumudyetsa.

Mawu amenewo Mayi Tupa sanawafikitse kwa amuna ake. Anangowauza kuti mlamu wawo akupereka moni ndipo akuti chitsulo chinalipodi. A Tupa anaumirira kuti akamuone okha. Anawaperekeza tsiku lina lopuma, ndipo mkazi wa Kapinga atawaona anatulutsa mipando n'kukalowa kuchipinda. Amuna awiriwo anakhala moyandikana, wina dzanja likugogoda mpando, wina mwendo uli pa kireti. Nthawi imeneyo mawu a a Tupa anali atayamba kuchepa, kumangomveka ngati akunong'ona. Anayamba kunena zinazake zokhudza mpeni, Kapinga anati sakumva, iwo anabwereza, Kapinga anati asadzivutitse. Anakambirana za injini imene imavuta kulira kukazizira. Tiyi sanabwere, ndipo alendowo ananyamuka.

Mvula isanathe, Mayi Tupa anamva kwa omata matayala kuti banja la mlongo wake linasamuka. Anati anaona katundu wawo pa lole, akuti akupita kwa abale a mkazi, kutali. Makina aja anagulitsa kwa munthu wa injini zamadzi. Mayi Tupa anathamangira kunyumba kuja ndipo anapeza mzimayi wina akukolopa pakhonde, makatani ena ali pawindo. Anaimba foni ya Kapinga, inaitana mpaka kuduka. Ankayesabe mwa apo ndi apo, mpaka tsiku lina mawu a mumakina anamuuza kuti nambalayo sikugwiranso ntchito. Anthu amati chibale ndi fupa sichiwola, ndipo iye anakhala akudikira kuti aone ngati n'zoona.

Matenda a a Tupa anadutsa mankhwala. Dzanja linalo linayamba nalonso, kenako miyendo inayamba kumamatira pansi akafuna kuyenda. Anagwa pamasitepe olowera kuchipinda, anagwanso kubafa. Mwana wawo anati abwere adzakhale kwa iye, koma nyumba yake inali yapamwamba pa nyumba zosanja, yopanda chikepe, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Mayi Tupa anaitana wogula zitsulo zakutha, amene anakweza makina akufa, mulu wa mipeni ndi gilayinda. Vayisi anatenga owotcherera zitsulo. Iye anatsuka simenti ndi sopo mpaka fungo la petulo linachepa, anamata mipata ya chitseko ndi makatoni, n'kupempha omata matayala kuti amuthandize kusamutsira bedi m'galajamo, poti munalibe sitepe ndipo khomo lake linali lalikulu.

M'menemo ndi mmene a Tupa anakhala kuyambira pamenepo. Masana ankawatsegulira chitseko theka kuti aziona miyendo ya anthu odutsa. Ena ankawerama n'kupereka moni, ambiri ankangodutsa.

Mwana wawo ankaimba foni kumapeto kwa sabata. Ankafunsa za bambo ake, za mankhwala, za denga lodontha. Pomaliza sankalephera kufunsa za amalume ake, ngati mwendo uja ukusintha, ndi chifukwa chake sakuyankha mauthenga ake.

"Akupeza bwino," ankatero Mayi Tupa. "Kungoti kumene aliko mafoni amavuta."

Akatero ankaika foni pawindo, kusamba m'manja, n'kupita kukawatembenuza amuna ake kuti asachite zilonda kumsana.